Manong'onong'o Ooloka Nyanja

Ambiri a ife tidakhalapo pakhonde usiku, kawailesi kali pamiyendo, tikusakasaka masiteshoni. Masana kawailesiko kamangogwira za pafupi, koma dzuŵa likaloŵa timadabwa kumva zilankhulo za maiko amene sitidapondeko. Mauwo amabwera, nazilala, nabweranso. M'dzinja amasokonezeka ndi kuthetheka kochokera ku ziphaliŵali, ngakhale za mvula imene ikugwa kutali zedi ndi kwathu. Ife tikatopa timatseka n'kukagona. Koma alipo anthu ena amene kwa zaka zoposa 100 akhala akutchera khutu m'kati mwa phokoso lomwelo, kufuna kamau kamodzi kochokera kutsidya kwa nyanja.

Pa 12 Disembala 1901, Guglielmo Marconi, mnyamata wa ku Italy wa zaka 27, adali m'chipinda chozizira pa phiri la Signal Hill ku St John's, pa chilumba cha Newfoundland. Panja, m'mphepo yaukali, padali kaiti yonyamula waya wokolera mafunde a wailesi. Ku Poldhu, m'dziko la England, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500, anyamata ake adali kutumiza lemba limodzi lokha mobwerezabwereza, lemba la S, limene m'zizindikiro za Morse ndi timadontho titatu. Marconi adati adamva kugogoda katatu, napereka chomvera cha m'khutu kwa womthandiza, George Kemp, amenenso adavomera kuti wamva.

Kodi adamvadi? Funso limeneli silidathe mpaka lero. Udali usana, nthaŵi imene mafunde otere sapita patali. Chipangizo chao chidalibe njira yokuzira mau. Mboni zidali ziŵiri zokha, ndipo onse aŵiri ankadziŵa kale lemba limene ankadikira. Tonsefe tikudziŵa m'mene khutu limatinyengera tikamayembekeza mlendo: chitseko chikangogwedezeka ndi mphepo timayankha kuti loŵani. Ziphaliŵali nazonso zimagogoda m'wailesi. Sitinena kuti Marconi adanama, iai, koma iye mwini adaona kuti mau a pakamwa sakwanira. M'Febuluwale 1902 adakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Philadelphia ali ndi makina olemba zizindikirozo pa pepala, ndipo pamenepo zidaoneka poyera kuti usiku mafunde adafika mtunda woposa makilomita 3,000, pamene masana adalekera pa makilomita 1,100 chabe.

Kuchokera apo akatswiri adakhulupirira kuti chinsinsi chooloka nyanja ndicho mafunde aatali ndi mphamvu zambiri. Tikati mafunde aatali tikunena aja ogwedezeka pang'onopang'ono, amene funde limodzi lokha litalika kilomita imodzi kapena kuposa. Ali ngati ng'oma yaikulu ya mau aakulu, imene imamveka kuseri kwa phiri pamene ting'oma tating'ono tazimirira kale. Maboma ndi makampani adamanga nyumba za mphamvu ndi milongoti yaitali. Imodzi ikadalipo ku Grimeton m'dziko la Sweden: idayamba ntchito mu 1924, ili ndi nsanja 6 zotalika mamita 127 iliyonse, ndipo idaikidwa m'gulu la malo a mbiri a UNESCO mu 2004.

Pa nthaŵi yomweyo padabuka anthu wamba, ana asukulu, aphunzitsi, amisiri, odzipangira okha mawailesi otumizira ndi kulandirira mauthenga, osati kuti apeze ndalama koma chifukwa cha chidwi. Pa Chingerezi amatchedwa ma amateur. Ife tiŵatche okonda wailesi. Akuluakulu ankaŵaona ngati ana osokoneza pabwalo la milandu. Itamira sitima ya Titanic mu 1912, dziko la America lidakhazikitsa lamulo loŵachotsa pa mafunde aatali, n'kuŵakankhira ku mafunde a mamita 200 kapena ocheperapo, amene aliyense ankayesa opanda ntchito. Kudali ngati kumpatsa mkamwini munda wa pathanthwe.

Munda wa pathanthwewo udabereka. M'Disembala 1921 bungwe la okonda wailesi a ku America, la ARRL, lidatumiza Paul Godley ku Ardrossan, m'mphepete mwa nyanja ku Scotland. Adakhala m'tenti masiku angapo, mvula ndi chisanu zili pa iye, ndipo adamva masiteshoni oposa 20 a anzake a kutsidya, kuphatikizapo uthenga wathunthu wochokera ku Greenwich, Connecticut. Padali patapita zaka 20 chigogodere katatu kuja. M'Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice, France, adayankhulana mbali zonse ziŵiri ndi Fred Schnell wa ku America pa mafunde a mamita pafupifupi 110. Zidadziŵika kuti mafunde aafupi amanjanja pa mpweya wa kumwamba kwenikweni n'kukagwera kutali, ngakhale atumizidwe ndi mphamvu zochepa. Maboma aja adathamangira komweko. Okonda wailesi nawo adakhazikika m'munda wao watsopano, ndipo kwa zaka zoposa 70 mafunde aatali adatsalira asilikali a pamadzi, oongolera ndege ndi sitima, ndi masiteshoni oulutsa nthaŵi.

Wina angafunse kuti nanga adabwereranji kumene adapirikitsidwa, pamene mafunde aafupi ankaŵafikitsa kale ku mbali zonse za dziko lapansi. Ife tiganiza kuti chidaŵakoka ndicho kuvuta kwake. Mu 1996 dziko la Britain lidaŵalola kampata kakang'ono pa 73 kHz, ndipo pofika 1998 maiko angapo a ku Ulaya adatsekula kena pa 136 kHz. Chilolezo chidabwera ndi chingwe: mphamvu yotuluka pa mlongoti isapose wati imodzi, ndiye kuti mphamvu yonga ya babu la tochi.

Apa m'pofunika tidekhe pang'ono kuti timvetse kukula kwa vutolo. Pa 136 kHz funde limodzi litalika mamita 2,200. Mlongoti woyenera funde lotere ukadafunika kutalika mamita oposa 500, pamene munthu wamba ali ndi mtengo umodzi kuseri kwa nyumba ndi waya wa mamita makumi angapo. Mlongoti waufupi chotero umataya pafupifupi mphamvu zonse m'nthaka ndi m'mawaya. Munthu amathira mawati mazanamazana kuti ituluke wati imodzi ija. Tsono wati imodziyo imwazike pa nyanja yonse ya Atlantic, n'kukafika kutsidya kumene ziphaliŵali za dziko lonse zikulindima m'makina olandirira, pamodzi ndi phokoso la mawaya a magetsi ndi ziŵiya za m'nyumba za anansi. Palibe khutu la munthu limene lingatole kanthu m'menemo.

Kukweza mau kudali koletsedwa. Chimene adachita ndi chimene mayi amachita poitana mwana amene ali kudambo: sachulutsa mau, amakoka dzina limodzi lokha mpaka mpweya kutha. Okonda wailesi adayamba kukoka zizindikiro za Morse. Kadontho kamene katswiri amakagogoda m'kuphethira kwa diso adakatalikitsa kufika masekondi 3, kenaka 30, kenaka 60 ndi kuposa. Njira imeneyi amaitcha QRSS.

Phindu la kukokako lili pa khalidwe la phokoso. Phokoso limamwazika paliponse, pano lakwera, pano latsika, losakhazikika pa malo amodzi. Chizindikiro chenicheni, ngakhale chofooka, chimakhala pa kanjira kake kamodzi osasuntha. Mbuzi zikabalalika m'tchire sizisiya njira, koma munthu mmodzi wodutsa pamodzimodzi tsiku ndi tsiku amapanga mkwaso wooneka. Kompyuta imamvetsera kanjira kopapatiza kwambiri kwa nthaŵi yaitali, niunjika zimene yamva; phokoso limafafanizana lokha, ndipo chotsalacho chimaoneka pa galasi ngati kamzere kotuwa pakati pa chifunga. Motero ntchito ya khutu idasanduka ya maso. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wokhala pa mpando usiku wonse kupenyerera kamzere kakukula pang'onopang'ono sangautsutse mwambiwo. Chinanso chimene Marconi akadasirira n'chakuti chithunzi cha pa galasicho chimasungika, ndipo anthu ena angathe kuchiona n'kuweruza ngati lembalo lilipodi.

Nzeru yomweyi idapita patsogolo m'zaka zotsatira. Mu 2008 Joe Taylor wa ku Princeton, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1993 chifukwa cha ntchito yake pa nyenyezi zotulutsa mafunde ofooka a wailesi, adatulutsa pulogalamu yotchedwa WSPR. Uthenga wake umatenga pafupifupi mphindi 2, ndipo kompyuta imatha kuuŵerenga ngakhale phokoso litauposa mphamvu mazanamazana. Chaka chimodzi izi zisadachitike, mu 2007, msonkhano wa maiko onse woona za mafunde, ku Geneva, udavomera kuti kampata ka 135.7 mpaka 137.8 kHz kagwiritsidwe ntchito ndi okonda wailesi, ndipo mu 2012 adaonjezera kena pa 472 mpaka 479 kHz. Kwa ife, kumeneku kudali kubweza munda wolandidwa mu 1912, ngakhale adangobweza kandime.

Koma chimene chimatigwira mtima koposa chidachitika mapulogalamu ameneŵa asadabwere. M'Febuluwale 2001, m'chaka cha 100 chikwerere Marconi pa Signal Hill, bambo wina wa ku England ndi mnzake wa ku Ontario, m'dziko la Canada, adapangana zoyankhulana pa 136 kHz. Kadontho kao kadali ka masekondi 90, mzere wa masekondi 180. Lemba la S lija, timadontho take titatu tokha tikadadya mphindi 4 ndi theka, osaŵerengera mipata ya pakati. Njira ya pa nyanja inkatsekuka pokhapokha mbali zonse ziŵiri zili mu mdima, ndipo si usiku uliwonse. Kukacha ku England kamzere kankazimirira, zotsalazo n'kudikira maŵa.

Pa kuyankhulana kotere palibe moni, palibe kufunsana za ana kapena za mvula. Aliyense amatumiza dzina la siteshoni yake ndi la mnzake, kenaka lemba limodzi lonena m'mene waonera: T ngati kamzere kangooneka koma kosaŵerengeka, M ngati kaŵerengeka movutikira, O ngati kaoneka bwino lomwe. Pomaliza pamafunika chizindikiro chotsimikiza kuti lembalo lafika. Aŵiriŵa adayamba pa 5 Febuluwale, ndipo yankho lomaliza lidaoneka pa galasi ku England pa 19 Febuluwale, patapita masabata aŵiri athunthu.