Zithunzi Zoyenda za Vekitala pa Intaneti

Zithunzi za vekitala ndi zithunzi zimene kompyuta imajambula potsatira malangizo a masamu onena za mizere, makona ndi mitundu. Zimasiyana ndi zithunzi zojambula pa foni, zomwe zimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri ndipo zimathimbirira zikakulitsidwa. Chambo chojambulidwa ndi vekitala chimaonekabe bwino kaya chili pa kachizindikiro ka pa foni kapena pa chikwangwani chachikulu cha m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay.

Kapangidwe kake

Mizere yokhota ya zithunzizi imatchedwa ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya magalimoto ya Renault ku France, amene anaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1960. Kuti chithunzi chiyende, wojambula amasonyeza poyambira ndi pothera, mwachitsanzo bwato lili pagombe, kenako lili pakati pa nyanja, ndipo pulogalamu imadzaza yokha zapakati. Pulogalamu ya JavaScript ndiyo imachititsa kuti chithunzicho chisinthe munthu akachikhudza ndi chala.

Mbiri

Pulogalamu ya Flash, imene kampani ya Macromedia inatulutsa mu 1996, ndiyo inatchukitsa luso limeneli. Adobe inagula Macromedia mu 2005, koma mafoni a iPhone sankatsegula Flash, ndipo Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020. Masiku ano anthu amagwiritsa ntchito mtundu wa fayilo ya vekitala wotchedwa SVG, womwe bungwe la W3C linavomereza mu 2001, pamodzi ndi HTML5 ndi CSS.

Phindu lake kugombe la nyanja

Ku Mangochi ambiri amalowa pa intaneti ndi foni, pa bandulo ya Airtel kapena TNM, choncho fayilo yopepuka ndi yofunika kwambiri. Vidiyo imamaliza bandulo msanga, pamene chithunzi chosavuta cha vekitala chimatseguka ngakhale netiweki ikuvuta. Mapu a Lake Malawi National Park, paki imene UNESCO inaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, angapangidwe moti mlendo akakhudza chilumba cha Domwe kapena Thumbi aone njira ya boti kuchokera ku Cape Maclear. Pa chithunzi choyenda, ana a asodzi angaonenso mmene chambo chachikazi chimasungira ana ake m'kamwa, n'kumvetsa chifukwa chake nyanja imatsekedwa nthawi yoswana.

Komabe vekitala sikwanitsa kuonetsa mawanga onse a nsomba ya mbuna monga mmene kamera imachitira, n'chifukwa chake akatswiri amaphatikiza njira ziwirizi pa tsamba limodzi.