Erasmus wa ku Rotterdam: Mmonke Amene Sadabwerere Kwao

M'chaka cha 1514 mkulu wa nyumba ya amonke ya ku Steyn, m'dziko la Holland, adalemba kalata yoitana mwana wake wina amene adachoka pakhomopo zaka zoposa 20 m'mbuyomo. Mmonkeyo, Desiderius Erasmus, adayankha mwaulemu koma mosapsatira, nati sadzabwerera. Thupi lake silikadatha kupirira kusala zakudya ndi kudzuka pakati pa usiku, ndiponso m'chipanimo adalowamo mochita kumkankha. Ife amene tidaleredwa podziwa kuti lonjezo la pa guwa saseweretsa, mau otere amatilasa mtima. Koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Erasmus adabadwira ku Rotterdam. Akali mnyamata pa sukulu, mliri udatenga mai ake, kenaka bambo akenso. Omuyang'anira, poona kuti chuma chamasiye chikutha, adapeza njira yapafupi: mwanayo apite kwa amonke a chipani cha Augustino Woyera. Kuno ku Phalombe sitingadabwe nazo, pakuti tikudziwa m'mene mwana wamasiye amakhalira chete eni mbumba akamakambirana za tsogolo lake. Adachita malonjezo ake, ndipo pa 25 Epulo 1492 adadzozedwa unsembe. Posakhalitsa Episkopi wa ku Cambrai adamtenga kuti akhale mlembi wake. Uku ndiye kudali kutuluka kwake.

Zaka zotsatira zidali za umphawi ndi maulendo: Paris, England, Italy. Ku England adapalana ubwenzi ndi Thomas More, amene lero timamtchula Woyera. Ali bambo wa zaka zopitirira 30 adayamba kuphunzira Chigriki mwakhama, chifukwa adazindikira kuti wosadziwa chilankhulo chimene Chipangano Chatsopano chidalembedwamo akumwa madzi a kumunsi kwa mtsinje, osati a pa kasupe.

Buku lake loyamba la zauzimu, Enchiridion, lidatuluka m'chaka cha 1503. Lidalembedwera msilikali, munthu wapabanja, osati mmonke. Mfundo yake idali yakuti chikhristu sichithera pa kuyatsa makandulo, kuyendera malo oyera kapena kuvala mkanjo wa chipani, ngati mtima ukadali wankhanza kwa mnzako. Adaphunzitsa kuti ubatizo ndiwo lonjezo lalikulu koposa, ndipo mlimi ndi mai wapanyumba aitanidwa ku ungwiro monganso mmonke. Pena cholembera chake chinkaluma mopyola muyeso, makamaka akamanena za amonke anzake. Apa sitingamuikire kumbuyo.

Ntchito yake yaikulu idaoneka m'chaka cha 1516 ku Basel, m'nyumba yosindikizira mabuku ya Johann Froben: Chipangano Chatsopano m'Chigriki, pambali pake pali Chilatini chimene iye adachikonza, ndi ndemanga zake. Adalipereka kwa Papa Leo X. Ntchitoyo idachitika mothamanga. Mipukutu ya Chigriki imene adali nayo idali yochepa, ndipo wa Chivumbulutso udalibe tsamba lomaliza, kotero kuti ndime 6 zotsiriza adachita kuzibweza yekha m'Chigriki kuchokera ku Chilatini. Komabe bukulo lidagwedeza Ulaya. Taonani chitsanzo chimodzi. Pa Mateyo 3:2, Chilatini chimene anthu adachizolowera kwa zaka chikwi chinkamveka ngati Yohane Mbatizi akulamula anthu kuchita ntchito za kulapa. Erasmus adaonetsa kuti mau a Chigriki akunena za kusintha maganizo ndi mtima. Liu limodzi lokha, koma akatswiri adakanganapo zaka zambiri, ena nkumamunena kuti akugwetsa sakramenti la kulapa, chinthu chimene iye adachikana. M'mau oyamba a bukulo adafotokoza chikhumbo chake chakuti Mthenga Wabwino umasuliridwe m'zilankhulo zonse, amai auwerenge, ndipo mlimi aziuimba ali kumunda.

M'chaka cha 1517 Papa Leo X adammasula ku udindo wokhala m'nyumba ya chipani ndi kuvala mkanjo wake. Unsembe sadausiye. Chaka chomwecho Martin Luther adayamba kutsutsa, ndipo pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani m'chaka cha 1522 adagwiritsa ntchito buku la Erasmus. Mbali zonse ziwiri zidamkoka. Iye adakana kutuluka mu Eklezia, ndipo m'chaka cha 1524 adalemba buku lotsutsa Luther, loteteza ufulu wa munthu wovomera kapena kukana chaulere cha Mulungu. A Luther adamuyesa wamantha, Akatolika ena adamuyesa kapirikoni. Mzinda wa Basel utaletsa Misa m'chaka cha 1529, nkhalambayo idasamukira ku Freiburg. M'chaka cha 1535 adamva kuti bwenzi lake Thomas More wadulidwa mutu ku London. Papa Paulo III adafuna kumpatsa ukadinala, koma iye adakana. Adamwalira ku Basel m'mwezi wa Julaye 1536, ndipo m'chaka cha 1559 Papa Paulo IV adaika mabuku ake onse pa mndandanda wa mabuku oletsedwa.

Padapita zaka zoposa 400 kuti chikhumbo chake chija chimveke m'kamwa mwa Eklezia yense. M'chaka cha 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udalamula kuti Malembo akhale pafupi ndi akhristu onse, amasuliridwe kuchokera ku zilankhulo zoyambirira, ndipo ngati nkotheka pamodzi ndi abale athu a mipingo ina. Chaka chotsatira, 1966, ife tidalandira Malembo Oyera m'Chinyanja, ntchito ya Bambo Louis Villy. M'chaka cha 1998 lidatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti adamasulira atakhala pa mphasa imodzi. Ndilo limene limatsekulidwa m'miphakati yambiri m'tsinde mwa phiri la Michesi, anthu akaweruka ku minda ya nandolo, ndipo kawirikawiri wowerenga amakhala mai.