Mbumba

Kwa Achewa a ku Mchinji, monganso abale awo a kutsidya kwa malire ku Chipata ndi ku Katete, mawu akuti mbumba amatanthauza alongo a mwamuna pamodzi ndi ana awo, ndipo mwamuna amene amawayang'anira amatchedwa mwinimbumba kapena nkhoswe. Popeza mtundu umatsata kuchikazi, mwana amawerengedwa wa kwa mayi ake, choncho malume ndiye amaimirira pa mlandu wa mwana wa mlongo wake, amakambirana za ukwati wake, ndiponso amaona kumene ana akakhale makolo akamwalira. Angoni a ku Mchinji, amene kale ankatsata kuchimuna ndi kupereka malowolo, ankaika udindo wotere kubanja la bambo.

Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda tanthauzoli linakulitsidwa, pakuti amayi onse a m'dziko ankatchedwa mbumba yake, iye n'kudzitcha nkhoswe yawo, ndipo ambiri lero akamva mawuwa amakumbukira zitenje ndi magule apamisonkhano. Tanthauzo lakumudzi ndilo lofunika kulisunga, chifukwa lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 likagwiritsidwa ntchito pamudzi, wa zachitukuko cha ana amene wayamba wakambirana ndi mwinimbumba amapeza msanga wachibale womulera mwana wamasiye.