Masewera ndi kunenepa kwa ana a msinkhu wa mkombaphala

Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amayenera kutakataka kwa maola osachepera atatu patsiku, malinga ndi malangizo omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2019. Mwa maolawa, limodzi likhale la masewera otulutsa thukuta monga kuthamangitsana, kudumpha, kuvina kapena kumenya mpira wachikulunga. Nthawiyi imawerengedwa tsiku lonse, osati pakamodzi.

Mbali yovuta ya malangizowa ndi yokhudza kukhala malo amodzi. Mwana wa msinkhuwu asapitirire ola limodzi patsiku akuonera wailesi yakanema kapena foni, ndipo wosakwana zaka ziwiri asaonere n'komwe. Asakhalenso womangika kopitirira ola limodzi panthawi imodzi, kaya m'chikuku, pampando ngakhalenso kumbuyo kwa womulera. Lamulo lomalizali ndi lolemera kwa mayi wogulitsa malonda pamsika, amene kubereka mwana ndiyo njira yokhayo yomutetezera ku galimoto ndi moto. Komabe si kukhala pansi kulikonse komwe kuli koipa: WHO imalimbikitsa kuti mwana akakhala pansi, aziwerengeredwa buku kapena kuyimbiridwa nthano.

M'Malawi, vuto lalikulu likadali kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 37 adali opinimbira pomwe pafupifupi 5 adali onenepa mopitirira muyezo. N'chifukwa chake makolo ambiri akaona mwana wamasaya amangoti ndi thanzi. Koma padziko lonse ana onenepa chotere adali 37 miliyoni mu 2022, ndipo mu Africa chiwerengero chawo chakwera kuyambira mu 2000. M'tauni, mwana wokulira mumpanda, wopanda bwalo losewererapo, amatha tsiku maso ali pafoni, dzanja lili m'paketi ya tizakudya tamafuta ndi mchere, chakumwa chotsekemera chili pambali. Kusowa masewera ndi zakudya zotere zimayendera limodzi, ndipo mwana wonenepa kwambiri kawirikawiri amakula nako kunenepako, zomwe zimawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Maso paokha sangazindikire vutoli. Kusikelo, azaumoyo amayerekeza kulemera kwa mwana ndi kutalika kwake, pakuti ana awiri olemera mofanana akhoza kusiyana kwambiri msinkhu.