Matenda a mafupa obwera ndi kufooka kwa impso

Impso zikafooka kwa nthawi yaitali, mafupa nawonso amavutika. Vutoli linapatsidwa dzina loti CKD-MBD ndi bungwe la KDIGO mu 2006.

Impso zabwinobwino zimataya phosphate wosafunika kudzera mu mkodzo, komanso zimakonza vitamini D kuti matumbo azitha kuyamwa kashiamu wa m'zakudya. Zikalephera, phosphate amachuluka m'magazi pamene kashiamu amachepa. Tiziwalo tinayi tating'ono ta kuseri kwa chithokomiro, totchedwa parathyroid, timayamba kutulutsa homoni ya PTH mopyola muyezo, ndipo homoniyo imakoka kashiamu m'mafupa. Pang'onopang'ono mafupa amafooka, amawawa, ndipo chiuno chimatha kuthyoka munthu atangoterereka pang'ono. Mwa ana msinkhu umapinimbira, miyendo n'kuchita matewe.

Choopsa kwambiri sichili m'mafupa ayi. Kashiamu ndi phosphate zimakakhazikika m'makoma a mitsempha ya magazi, mitsemphayo n'kuuma gwa, ndipo mtima umalema popopa magazi.

Popeza zizindikiro zimachedwa kuoneka, madokotala amadalira kuyeza magazi. Wodwala amauzidwa kuchepetsa mkaka, zakumwa za kola, nyama za m'zitini ndi nsomba zodyedwa ndi minga yomwe monga usipa ndi matemba. Mapiritsi ogwira phosphate, monga calcium carbonate ndi sevelamer, amamwedwa pamodzi ndi chakudya. Kuwamwa m'mimba mulibe kanthu n'kungowononga mankhwala. Ena amapatsidwa mankhwala a calcitriol kapena cinacalcet kuti PTH atsike, ndipo PTH akakana kutsika, tiziwalo tija timachotsedwa pa opaleshoni.