MBIRI YA KUBWEREKETSA NSALU ZAKALE ZOPETA

Nchito ya singano siikhalitsa monga citsulo kapena mwala. Njenjete zimaidya, cinyontho cimaioletsa, ndipo dzuwa limafwifwitsa ulusi wace. Cifukwa cace eni nsalu zakale amazitsekera m'mabokosi. Koma nsalu yotsekeredwa siiphunzitsa munthu, ndipo luso la amene anaipeta limaiwalika. Anthu a ku England analimbana nalo bvuto limeneli motere.

M'caka ca 1872 Lady Victoria Welby anayambitsa sukulu ya nchito ya singano mu London, ndipo Princess Helena, mwana wa Mfumukazi Victoria, anakhala mtsogoleri wace. M'caka ca 1873 kunacitika cionetsero ku South Kensington Museum ca nsalu zopetedwa caka ca 1800 cisanafike. Nsaluzo zinali zobwereka kwa eni ace, ndipo osoka anaona ndi maso ao m'mene makolo anali kuyendetsera singano.

M'caka ca 1906 akazi 16 amene anaphunzira pa sukulu ija anapanga bungwe lao, limene mu 1920 linachedwa Embroiderers' Guild, mtsogoleri woyamba nakhala Louisa Pesel. Mamembala anasonkha nsalu zimene anali kuzikonda, ndipo bungwe linali kuziika m'mabokosi ndi kuzitumiza kwa mamembala akutali kuti aphunzirepo.

Cuma cimene cingabisale m'nyumba ya banja limodzi cioneka pa mwinjiro wina wa ansembe, wofiira, wopetedwa ndi ulusi wa golidi ndi silika pakati pa zaka za 1330 ndi 1350. Banja la Butler-Bowdon, la mpingo wa Katolika, linausunga mibadwo yambiri. Nthawi yina unadulidwa kuti asokere zobvala zina za m'kacisi, koma pambuyo pace zidutswazo zinalumikizidwanso. Mu 1955 unagulidwa ndi nyumba yosungiramo zakale ija, imene kuyambira 1899 inachedwa Victoria and Albert Museum. Mu 2016 unaonetsedwa pamodzi ndi minjiro yina yopetedwa ku England, yobwereka ku Toledo, ku Bologna ndi ku Vatican.

Wobwereketsa amataya mtendere wa mumtima kufikira nsalu yace itabwera. Nkoyenera tsono kuti bungwe lobwereka lilembe dzina la mwini ndi maonekedwe a nsalu, liletse anthu kuigwira, liicinjirize ku dzuwa, ndi kuibweza pa tsiku la pangano. Bungwe losunga pangano lidzabwerekanso caka camawa.