Mpira wamiyendo: n'chifukwa chiyani ambiri amaufera pomwe ena amauda?

Bungwe la FIFA lili ndi mamembala 211 pomwe la United Nations lili ndi 193.  Komabe ku America, ku India, ku New Zealand ndi kwina kuli anthu miyandamiyanda amene akamva za mpira wamiyendo amayasamula, ndipo kwathu konkuno alipo makolo ndi atsogoleri a mipingo amene amauona ngati chiphe cha ana. Ambiri tikamakangana za nkhaniyi timangoti "mpira ndi wokoma" kapena "mpira ndi wotopetsa". Ine ndikuona kuti yankho lenileni lili m'mbiri: anabweretsa masewerowo ndani, analoledwa kusewera ndani, ndipo anafika kaye pamalopo ndi masewero ati.

Tiyambire ku England. M'zaka za m'ma 1800 sukulu za ana a anthu olemera zinali ndi mpira wake uliwonse payokha. Kwina ankaponya ndi miyendo yokha, kwina monga kusukulu ya Rugby ankaloledwa kunyamula mpira n'kuthamanga nawo. Pa 26 Okutobala 1863 nthumwi za matimu angapo zinakumana ku Freemasons' Tavern mu London n'kukhazikitsa Football Association kuti pakhale malamulo amodzi. Mkangano unabuka pa zinthu ziwiri, kunyamula mpira ndi kumenya mnzako m'miyendo mwadala. Ambiri atakana zonse ziwirizi, timu ya Blackheath inatuluka, ndipo mu 1871 okonda kunyamula anapanga bungwe lawo la Rugby Football Union. Choncho mpira wamiyendo ndi rugby ndi ana a mimba imodzi. Ngakhale dzina lakuti soccer, limene ambiri amaganiza kuti ndi la Aamerika, linachokera ku England komweko, pofupikitsa liwu lakuti association.

Anawo atakula anatenga njira zosiyana. Lamulo la m'mafakitale la 1850 linapatsa ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu mwayi woweruka 2 koloko masana Loweruka, ndipo pang'onopang'ono antchito ena anapezanso mwayi womwewo. Masana a Loweruka amenewo ndiwo anadzazidwa ndi mpira. Matimu amene achinyamata athu amawaimbira m'manja lero anabadwa motero. Manchester United inayamba mu 1878 ngati Newton Heath, timu ya anthu ogwira ntchito ya njanji. Everton inachokera kutchalitchi cha St Domingo chaka chomwecho. Arsenal inayambidwa mu 1886 ndi ogwira ntchito pafakitale ya zida zankhondo ku Woolwich. Mu 1885 akuluakulu a mpira anavomera kuti osewera azilipidwa, ndipo mu 1888 ligi yoyamba inayamba. Apa ndiye kuti mwana wa mmphawi akanatha kudya thukuta la miyendo yake.

Akuluakulu a rugby anakana zimenezi. Iwo ankati njonda yeniyeni siisewera kuti ilandire ndalama. Matimu a kumpoto kwa England, amene osewera ake anali a m'migodi ndi m'mafakitale, atapempha kuti azibwezera osewera ndalama za tsiku limene ajomba kuntchito, anakanizidwa, ndipo mu 1895 anachoka n'kuyambitsa rugby yawoyawo ku Huddersfield. Rugby yotsalayo inakhala yosalipira mpaka 1995, zaka 100 zathunthu. Cricket nayo inkafuna bwalo losalala, zipangizo zodula ndi nthawi yochuluka, masewero ena mpaka masiku asanu. Munthu wa ganyu akanaipeza kuti nthawi yotere? N'chifukwa chake amalinyero, ogwira ntchito ya njanji, asilikali ndi amishoni atamwazika padziko, mpira wamiyendo ndiwo unamera msanga ku Buenos Aires, ku Genoa, ku Accra ndi ku Durban. FIFA inakhazikitsidwa ku Paris mu 1904, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Uruguay mu 1930 ndi matimu 13.

Tsono maiko amene saukonda kwenikweni, vuto lawo n'chiyani? Kawirikawiri n'chakuti malo anali atatengedwa kale. Ku America baseball inali itazika mizu, ndipo makoleji anatenga rugby n'kuisintha kukhala mpira wawo wa zipewa zolimba uja. Mu 1891 James Naismith anayambitsa basketball ku Springfield, ndipo mu 1895 William Morgan anayambitsa volleyball ku Holyoke, m'chigawo chomwecho cha Massachusetts. Mpira wamiyendo unkaoneka ngati wa obwera, osati wa eni dziko. Munthu amene wakulira pa basketball, pamene timu imatha kupeza mapointi oposa 100, akaona mphindi 90 zatha popanda chigoli amati wabedwa ndalama yake. Zinthu zakhala zikusintha kuchokera pamene dzikolo linachititsa mpikisano wa dziko lonse mu 1994 n'kuyambitsa ligi ya MLS mu 1996, koma mtima wa ambiri udakali kumasewero a makolo awo.

Ku Ireland chidani chinali cha ndale. Bungwe la Gaelic Athletic Association, lomwe linayamba mu 1884 pofuna kuteteza masewero a eni dziko, linaletsa mamembala ake kusewera ngakhale kuonerera mpira wamiyendo, rugby ndi cricket chifukwa anali masewero a Angerezi, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1971. Ku India mpira unali ndi tsiku lake lalikulu mu 1911 pamene Mohun Bagan ya ku Calcutta, osewera ambiri ali opanda nsapato, inagonjetsa timu ya asilikali a Britain 2-1 n'kutenga IFA Shield. Koma cricket ndiyo inapatsa dzikolo ulemu pamaso pa maiko anzake, makamaka litatenga chikho cha dziko lonse mu 1983, ndipo anthu anatsata kumene kunali chimwemwe. Ku South Africa nthawi ya tsankho rugby inali ya azungu, makamaka Mabunu, pomwe mpira unali wa anthu akuda a m'malokeshoni, moti ngakhale akaidi a pa Robben Island anali ndi ligi yawo. Munthu wakuda wa ku Soweto ankada rugby chifukwa cha amene ankaisewera. N'chifukwa chake Nelson Mandela atavala jezi ya Springboks mu 1995 dziko lonse linagwira pakamwa.

Kuno ku Africa mpira unayenda limodzi ndi nkhondo yomenyera ufulu. Bungwe la CAF linakhazikitsidwa ku Khartoum mu 1957, chaka chimene Ghana inalandira ufulu. Mu 1958 osewera a ku Algeria anathawa matimu awo ku France n'kukapanga timu ya chipani cha FLN, dziko lawo lisanamasuke. Mu 1966 maiko a mu Africa ananyanyala mpikisano wa dziko lonse chifukwa sanapatsidwe malo awoawo ngakhale amodzi, ndipo mu 1970 malowo anaperekedwa. Rugby kapena cricket sizinagwirepo ntchito yotere m'maiko ambiri a kuno.

Ku Nyasaland mpira unabwera ndi azungu, ndipo unafalikira kudzera m'sukulu za mishoni, mwa asilikali ndi apolisi, komanso mwa abale athu amene ankabwerera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury. Nthawi ya atsamunda azungu ankasewera paokha, anthu akuda paokha. Cricket, rugby ndi hockey zinatsalira m'makalabu a azungu ndi amwenye, kumene munthu wakuda ankalowa ngati woperekera zakumwa. Mpira wamiyendo sunkafuna chilolezo cha munthu. Sanza kapena mapepala zomangidwa ndi luzi zinkakhala chikulunga, miyala iwiri n'kukhala golo, ana n'kugawana, basi masewero ayamba. Palibe masewero ena a m'magulu amene amatchipa chonchi, ndipo malamulo ake mwana wa sitandade 1 amawamva tsiku limodzi, kupatula la ofusayidi limene ngakhale akuluakulu timakanganirana.

Chiyambi chathu sichinali chokoma. Mu 1962 Ghana inatikwapula zigoli 12 kwa duu. Koma zaka 16 zokha pambuyo pake Flames, motsogozedwa ndi mphunzitsi Ted Powell ndipo kutsogolo kuli Kinnah Phiri, inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, n'kuchitetezanso mu 1979. Inakasewera koyamba mumpikisano wa maiko a mu Africa mu 1984 ku Ivory Coast, inapeza mendulo ya bronze ku All-Africa Games ku Nairobi mu 1987, n'kutenganso chikho chija mu 1988. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene kuyankhula momasuka kunali kuika moyo pachiswe, pabwalo la Kamuzu munthu ankatha kukuwa, kutukwana woyimbira ndi kutsutsana ndi mnzake osaopa kanthu. Wailesi ya MBC inkafikitsa masewerowo m'midzi imene inalibe magetsi. Mkangano wa Maule ndi Manoma, womwe unayamba m'zaka za m'ma 1960 mu Blantyre, unalowa m'mabanja mpaka ku Nsanje ndi ku Chitipa, ndipo mwana amatengera timu kwa bambo ake kapena kwa malume monga amatengera mfunda.

Pali chinanso chimene chili m'masewero enieniwo. Zigoli mu mpira zimasowa, ndiye timu yofooka ikhoza kugoletsa kamodzi n'kutseka pakhomo mpaka wezulo yomaliza. Mu basketball kapena rugby, pamene mapointi amachuluka, wamphamvu amapambana pafupifupi nthawi zonse. Cameroon inagonjetsa Argentina 1-0 mu 1990, Senegal inagonjetsa France 1-0 mu 2002, ndipo onse ogonjawo anali akatswiri a dziko lonse panthawiyo. Ife tomwe mu Januwale 2010 ku Luanda tinathira Algeria zigoli 3 kwa 0, timu imene inali paulendo wa ku mpikisano wa dziko lonse chaka chomwecho. Choncho kusowa kwa zigoli kumene kumatopetsa wa ku America n'kumene kumapatsa chiyembekezo dziko losauka. Chigoli cha patali chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022 anthu akuchikambabe ngakhale tinagonja 2-1.

Koma odana ndi mpira tisawayese opanda nzeru, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Anthu 39 anafa ku Heysel mu 1985, 97 chifukwa cha ngozi ya ku Hillsborough mu 1989, 43 ku Ellis Park mu Epulo 2001, ndi 126 ku Accra mwezi wotsatira. Kwathu kuno pa 6 Julayi 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pachipata cha Bingu National Stadium. Mu 2015 akuluakulu angapo a FIFA anamangidwa ku Zurich pa milandu ya katangale. Onjezani kugenda, nkhani za zithumwa pagolo, kudzigwetsa dala, masewero a tsiku lopembedza amene mipingo ina imadandaula nawo, ndi kubetcha kumene kwalowa ngakhale m'matumba a ana asukulu. Mphunzitsi aliyense amamudziwa mnyamata amene amatchula osewera 11 a Chelsea osaphonya koma sangatchule zigawo za dziko lake.

Palinso amene anauda mpira chifukwa unayamba kuwakana ndi iwowo. Mu Disembala 1920 anthu pafupifupi 53,000 anakaonerera timu ya amayi ya Dick, Kerr Ladies ku Goodison Park. Chaka chotsatira Football Association inaletsa amayi kusewera pamabwalo a matimu ake, ndipo chiletsocho chinakhala zaka 50. M'sukulu za maiko olamulidwa ndi Britain atsikana anapatsidwa mpira wamanja, womwe unachokera ku basketball. Kugawa kumene timachita mpaka lero, anyamata kubwalo lalikulu ndipo atsikana kukabwalo ka pambali, ndi cholowa cha maganizo amenewo.

Chodabwitsa n'chakuti ntchemberembaye yemweyo ndiye watikweza kuposa mpira wa abambo. Queens inakhala yachisanu padziko lonse ku Auckland mu 2007, m'nthawi ya Mary Waya. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, ndipo mu 2018 Queens inagonjetsa New Zealand 57-53 pa Commonwealth Games. Flames siinafikepo ku mpikisano wa dziko lonse ngakhale kamodzi. Atsikana atapatsidwa mpata pa mpira wamiyendo womwewo, Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, Tabitha Chawinga anatsogola pa omwetsa zigoli ku Italy, ndipo mng'ono wake Temwa anachita chimodzimodzi ku America mu 2024, m'dziko lija timati silikonda mpira.

Mbiri yonseyi ikutiuza kuti anthu amakonda masewero amene anawatsegulira chitseko ali ana, ndipo amada amene anawatsekera kunja. Masiku ano chitseko chimenecho chili m'manja mwa sukulu. Ngati ndalama zonse za masewero pasukulu zithera pa jezi za timu ya anyamata, pomwe atsikana akugawana mpira umodzi wophulika ndipo ukonde wa volleyball unadyedwa ndi makoswe kalekale, tisamadabwe ana ena akamanena kuti masewero si awo. Aphunzitsi anzanga ndi makomiti a makolo, pamene mukukonza ndondomeko ya chuma ya teremu ikubwerayi, werengani kaye kuti ndi ana angati mwa ana onse amene adzagwire mpira wamtundu uliwonse.